Ndege yaing'ono ikalemera imanyamuka ndithu, koma siikwera

Pa 25 Ogasiti 2001, chakumadzulo, ndege yaing'ono ya mtundu wa Cessna 402B inathamanga pa msewu wonyamukira wa bwalo la Marsh Harbour, pa zilumba za Abaco m'dziko la Bahamas. Ulendo unali wa ku Opa-locka, ku Florida. Matayala anasiyana ndi nthaka, ndege inakwera pang'ono, kenako mphuno inaloza pansi n'kukagwera m'dambo, mamita pafupifupi 60 okha kuchokera pothera msewuwo. Anthu onse 9 amene anali m'menemo anamwalira. Mmodzi mwa iwo anali Aaliyah, woyimba wa ku America wa zaka 22, amene anapita ku zilumbazo kukajambula vidiyo ya nyimbo yake.

Ofufuza atawerengera anthu, katundu ndi mafuta, anapeza kuti ndegeyo inapyola malire ake ndi makilogalamu pafupifupi 320. Cessna 402B imaloledwa kunyamuka ndi makilogalamu pafupifupi 2,860, kotero zowonjezerazo zinangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10. Munalinso munthu mmodzi woposa chiwerengero chololedwa, ndipo kulemera kunachulukira kumbuyo, cha kumchira. Panali zinanso zomvetsa chisoni: woyendetsayo analibe chilolezo choyendetsa ndege imeneyo pa kampaniyo, ndipo m'thupi mwake munapezeka zizindikiro za mowa ndi cocaine. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna tichigwire bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndegeyo, ndi kulemera kwake konse, inanyamuka.

Ambirife timaganiza kuti ndege ikalemera mopyola muyeso imangokana kudzuka, woyendetsa n'kuponda mabuleki, anthu n'kutsika akung'ung'udza. Zikanamakhala choncho nthawi zonse, bwenzi maliro ali ochepa. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti ndegeyo imadzuka, imafika pa msinkhu wa mitengo kapena kuchepera apo, kenako imasowa mphamvu yopitirira m'mwamba, msewu utatsala kale m'mbuyo. Ngozi zotere anthu amakonda kungoti linali tsoka, linali tsiku lawo. Ine zimenezo ndimakana. Mwa ngozi zonse za ndege, izi ndi zimene munthu angathe kuzioneratu ali pansi, ndi sikelo, pensulo ndi kabuku ka ndegeyo, injini isanalizidwe n'komwe.

Chimene phiko limafuna

Chimene chimanyamula ndege ndi mapiko. Injini ndi pulopela ntchito yake n'kuikokera kutsogolo basi, kuti mpweya uzidutsa mothamanga pamwamba ndi pansi pa phiko. Phikolo limapotozera mpweyawo pansi, ndipo ilo limakankhidwira m'mwamba. Kukula kwa mphamvu imeneyi kumadalira liwiro, kuthithikana kwa mpweya, ndi mmene phiko lapendekera pokumana ndi mphepo. Woyendetsa akakokera chiwongolero kwa iye, mphuno imadzuka, phiko limapendeka kwambiri ndipo limanyamula kwambiri.

Koma izi zili ndi polekezera. Kupendekako kukafika madigiri pafupifupi 15 kapena 16, mpweya umaleka kutsata msana wa phiko, umayamba kuvunduka, ndipo mphamvu yonyamula ija imatha mwadzidzidzi. Oyendetsa ndege amati stall. Injini imakhala ikulira bwinobwino, koma phiko lasiya ntchito, ndipo nthawi zambiri phiko limodzi limayamba kugwa linzake lisanagwe, ndege n'kutembenukira cham'mbali. Ndege ikakhala m'mwamba kwambiri, mankhwala ake ndi odziwika: kutsitsa mphuno kuti liwiro libwerere. Kutero kumadya mamita ambiri otsika, ndipo ndege imene yangonyamuka kumene mamita amenewo ilibe.

Tsono kulemera kumalowa pati? Ndege yolemera imafuna mphamvu yonyamula yochuluka, kotero iyenera kuthamanga kwambiri isanadzuke. Komanso chinthu cholemera chimachedwa kutenga liwiro. Mavuto awiriwa amabwera limodzi. Bungwe loyang'anira za ndege ku Britain, Civil Aviation Authority, limalangiza oyendetsa ndege zazing'ono kuti kulemera kukakwera ndi 10 peresenti, mtunda wofunika kuti ndege inyamuke n'kufika mamita 15 m'mwamba umakwera ndi 20 peresenti.

Kukwera m'mwamba ndiye kumavulala koposa. Mphamvu zambiri za injini zimathera pongoisunga ndege m'malere, ndipo zotsala n'zimene zimaikweza. Tiyerekeze kuti injini ikupereka magawo 100, ndipo 70 akuthera pongouluka. Okwerera ndi 30. Mukawonjezera katundu mpaka kungouluka kokhako kuzifuna 80, okwerera atsala 20. Dzuwa likaswa mtengo, injini n'kumapereka 85 m'malo mwa 100, atsala 5. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma akuonetsa chinthu chenicheni: katundu wowonjezera pang'ono atha kudya theka la mphamvu yokwerera, kapenanso yonse, pamene wokwera akuona ngati wangowonjezera kachikwama kamodzi.

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti ndege ya mipando inayi si nthawi zonse imanyamula anthu anayi. Tengani Cessna 172, ndege imene yapangidwa yochuluka kuposa ina iliyonse pa dziko lapansi, imenenso ambiri amaphunzirira kuyendetsa. Ya mtundu wa 172S imaloledwa kunyamuka ndi makilogalamu 1,157. Yopanda kanthu imalemera pafupifupi 760, kotero pamatsala pafupifupi 400 a anthu, katundu ndi mafuta. Mathanki ake amalowa malita pafupifupi 200, ndipo lita imodzi ya mafuta a ndege zotere imalemera makilogalamu 0.72, ndiye kuti 145 apita. Atsala 250 kapena kuposerapo pang'ono. Akuluakulu anayi a makilogalamu 80 aliyense ndi 320, opanda ngakhale jumbo m'manja. Mipando ilipo, malamba alipo, chitseko chitsekeka bwinobwino, koma ndegeyo yapyola malire ndi munthu wathunthu. Woyendetsa ayenera kusankha: mafuta odzadza kapena mipando yodzadza.

Katundu wakhala pati

Aliyense amene anamangapo matumba a makala kapena a chimanga pa kaliyala ya njinga amadziwa kuti nkhani si kulemera kokha ayi. Thumba likakhala kumbuyo kwenikweni, kupyola pa tayala, tayala lakutsogolo limapepuka, handulo imayamba kugwedera, ndipo pa chitunda njinga imafuna kudzuka. Thumba lomwelo mukalisunthira kufupi ndi chishalo, njinga imamvera. Wanjinga zikamukanika amatsika n'kukankha, chimene woyendetsa ndege sangachite.

Ndege nayo ili ndi malo amene kulemera kwake konse kumakumana, amene akatswiri amati centre of gravity, ndipo malowa ayenera kukhala chapafupi ndi mapiko, mkati mwa malire amene wopanga ndegeyo analemba. Pa Cessna 172 malirewa ndi a masentimita pafupifupi 30 basi, ndipo amachepa ndege ikadzaza. Powerengera, amachulukitsa kulemera kwa chinthu chilichonse ndi mtunda wake kuchokera pa malo oyambira kuyeza, n'chifukwa chake chikwama cha makilogalamu 20 choikidwa cha kumchira chimasokoneza kwambiri kuposa chomwecho chitaikidwa pansi pa mpando wapakati. Kulemera kukachulukira kutsogolo, mphuno imavuta kudzutsa ndipo ndege imafuna msewu wautali. Kukachulukira kumbuyo ndiye koopsa kwenikweni. Mphuno imadzuka yokha, nthawi zina liwiro lisanakwane, ndipo kachiphiko kakumchira kamene kamayenera kuitsitsa, elevator, kamafika pothera mphamvu yake. Woyendetsa amakankha chiwongolero mpaka kumapeto, mphuno ikupitirirabe m'mwamba.

Izi zinaoneka poyera pa 8 Januwale 2003 ku Charlotte, North Carolina, pa ndege ya Air Midwest, ulendo nambala 5481. Inali Beechcraft 1900D ya mipando 19, yokulirapo kuposa zimene tikukambazi, koma phunziro lake ndi lomwelo. Oyendetsa anawerengera kulemera monga mmene malamulo ankanenera, ndipo pa pepala zonse zinali bwino. Vuto linali loti sankayeza munthu aliyense; ankagwiritsa ntchito nambala yongoyerekeza ya kulemera kwa munthu mmodzi, imene inali yakale, pomwe anthu anali atanenepa ndipo zikwama zitakula. Pa zoona zake ndegeyo inapyola malire ndi makilogalamu pafupifupi 260, ndipo kulemera kunali kumbuyo mopitirira. Kuwonjezera apo, masiku awiri m'mbuyomo amakaniko anali atamanga molakwika zingwe zoyendetsera elevator, moti inkatsika theka lokha la mmene inayenera kutsikira. Ndegeyo inayenda maulendo angapo ndi vuto limeneli popanda kanthu, chifukwa katundu sanali kumbuyo kwambiri. Tsiku limene mavuto awiriwa anakumana, mphuno inadzuka mpaka madigiri oposa 50, ndege inagwera pa nyumba yokonzeramo ndege pasanathe mphindi imodzi, ndipo anthu onse 21 anamwalira. Pambuyo pake bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linakweza manambala oyerekezera kulemera kwa anthu ndi katundu.

Chimene chimandikhudza pa ngoziyi n'chakuti oyendetsawo sanachite chinyengo. Anadalira nambala imene anapatsidwa. Mu ndege ya anthu 300, wonenepa ndi wowonda amafufutana. Mu ndege ya anthu 6 kapena 19 sizitero, ndipo m'menemo sikelo yeniyeni ilibe mlowam'malo.

Kutentha ndi kukwera kwa malo

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife a kuno kum'mwera kwa Africa, chifukwa mabwalo athu ambiri ali pamalo okwera komanso otentha. Mpweya ukatentha umatambasuka n'kupepuka, ndipo mukamakwera mtunda umankabe nupepuka. Mpweya wopepuka umalanda ndege mbali zitatu nthawi imodzi. Phiko limapeza mpweya wochepa woti likankhe, pulopela imaluma mpweya wochepa, ndipo injini imapuma mpweya wochepa wowotchera mafuta. Injini wamba ya mapisitoni, yopanda turbo (kachipangizo kopopera mpweya wowonjezera mu injini), imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse okwera.

Opanga ndege amayambira kuwerengera pa tsiku lachitsanzo: m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kutentha kuli madigiri 15, ndipo kukutsika ndi madigiri pafupifupi 2 pa mamita 300 aliwonse. Kunja kukatentha kuposa pamenepo, ndege imachita ngati ili pamalo okwera kuposa pamene ilidi, pafupifupi mamita 36 pa digiri iliyonse. Kukwera kumene ndege ikumva kumeneku ndi kumene amati density altitude. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mamita pafupifupi 1,230, pamene tsiku lachitsanzo likanakhala la madigiri 7. Masana a mu Okutobala, kutentha kutafika madigiri 32, kusiyana kwake ndi 25, ndipo ndege imachita ngati ikunyamukira pa mamita oposa 2,100. Injini yataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, isanasunthe n'komwe. Mzuzu ili pa msinkhu wofanana ndi Lilongwe, Lusaka yatsikirapo pang'ono, Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,700, ndipo n'chifukwa chake bwalo la OR Tambo lili ndi msewu wopitirira makilomita 4. Kabwalo ka Chelinda pa Nyika kali pa mamita oposa 2,200.

Choopsa chake n'chakuti mpweya wopepuka suoneka. Thambo limakhala loyera, mphepo yachete, tsiku lokongola loyendera. Wotchi yoonetsa liwiro imalozanso nambala yomweyo yonyamukira, koma kuti ifike pamenepo ndege iyenera kuthamanga kwambiri pa nthaka, ndi injini yofooka. Woyendetsa amene anazolowera mabwalo a m'mphepete mwa nyanja amaona mitengo ikudutsa mofulumira, amamva ngati nthawi yodzuka yakwana, n'kukoka chiwongolero msanga. Palinso kachinthu kena: pamalo okwera injini ya mapisitoni imafuna kuti mafuta olowa achepetsedwe kuti agwirizane ndi mpweya wochepawo. Woyendetsa akaiwala, injini imatsamwa ndi mafuta n'kutayanso mphamvu zina.

Ndiye kubwere nkhani ya msewu weniweniwo. Malangizo aja a ku Britain ali ndi manambala a chilichonse: mamita 300 okwera amawonjezera 10 peresenti pa mtunda wonyamukira, madigiri 10 a kutentha amawonjezera 10, udzu wouma 20, udzu wonyowa 30, nthaka yofewa 25 kapena kuposa, kachitunda kokwera mamita 2 pa mamita 100 aliwonse 10, ndipo mphepo yochokera kumbuyo, ngakhale ya gawo limodzi mwa 10 la liwiro lonyamukira, imawonjezera 20. Manambalawa saphatikizidwa, amachulukitsidwa, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsika.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Kabuku kakuti ndege ikufuna mamita 500 pa phula, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, pa madigiri 15. Tiisamutsire pa mamita 1,200: yafika 730. Kutenthe madigiri 35: pafupifupi 890. Msewu ukhale wa udzu wouma: 1,060. Tilemeretse ndi 10 peresenti: 1,280. Woyendetsa achite ulesi wozungulira kukayambira mbali ina, anyamuke kamphepo ka makilomita 10 pa ola kali kumbuyo: 1,530. Mtunda wachulukitsidwa katatu, pomwe pa zinthu zisanuzi palibe chimene pachokha chikanaopsa munthu. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Ndipo bungwe lomwelo limati pa nambala yomalizayo muwonjezerenso gawo limodzi mwa atatu, chifukwa manambala a m'kabuku anapezedwa ndi ndege yatsopano, yoyendetsedwa ndi katswiri woyesa ndege, osati injini ya zaka 30 ndi pulopela yokumbika ndi timiyala.

Chifukwa chake imadzuka n'kukana kukwera

Ndege ikakhala pafupi kwambiri ndi nthaka, pa msinkhu wosapitirira kutalika kwa mapiko ake, nthakayo imasintha kayendedwe ka mpweya wozungulira nsonga za mapiko, ndipo mphamvu yoikokera m'mbuyo imachepa. Amati ground effect. Chifukwa cha ichi, ndege itha kusiyana ndi nthaka pa liwiro limene silingaikweze. Imayandama mita imodzi kapena awiri, okwera amaona kuti tanyamuka, koma ikangofuna kukwera kupyola pamenepo, thandizo lija limatha ndipo imabwereranso pansi kapena kungokakamira pomwepo.

Pali vidiyo imene aphunzitsi a zoyendetsa ndege amakonda kuonetsa ophunzira awo, yojambulidwa ndi okwera eni ake m'kati mwa ndege. Panali pa 30 Juni 2012, pa kabwalo ka Bruce Meadows m'mapiri a Idaho, ku America. Ndege inali Stinson 108 yakale, ya mipando inayi, yonse yodzadza. Kulemera sikunapyole malire, koma kunali pafupi nawo. Bwalolo lili pa mamita pafupifupi 1,940, msewu wake ndi wa dothi ndi udzu, wautali pafupifupi kilomita ndi theka, ndipo masana amenewo kutentha kunachititsa kuti ndege imve ngati ili pa mamita 2,800. Mphepo inkachokera kumbuyo.

Mukamaonera, chinthu choyamba kuzindikira ndi kutalika kwa nthawi imene ndegeyo ikuthamanga pansi. Masekondi akupita, udzu ukudutsa, matayala akugundabe. Imadzuka pang'ono, imakhalanso pansi, imadzukanso. Msewu watha, koma kutsogolo kuli dambo lalikulu lathyathyathya, loti munthu akanatha kuteramo. Ndege ikupitirira, mamita ochepa pamwamba pa udzu, ndipo mitengo ya paini ikuyandikira. Imakwera movutikira mpaka pa nsonga za mitengoyo, nsongazo zikudutsa m'munsi mwa mawindo, kenako imayamba kumira, nthambi n'kuyamba kumenya mapiko, ndege n'kugubuduzika. Onse anayi anapulumuka, ngakhale woyendetsa anavulala kwambiri. Ofufuza a NTSB, bungwe lofufuza ngozi za ndege ku America, anati vuto linali kusakonzekera bwino, kunyamuka m'nyengo yopyola mphamvu za ndegeyo, ndi kusaleka pamene zinaonekeratu kuti sizikuyenda. Ine pa vidiyoyi chimene chimandiwawa mtima ndi mipata imene inalipo. Kwa nthawi yaitali ndithu kunali kotheka kungobweza mphamvu ya injini n'kutera kutsogolo.

Woyendetsa akafika pamenepo, thupi lake limamuuza chinthu cholakwika. Mitengo ikubwera, dzanja limafuna kukoka. Kukoka kumadzutsa mphuno, mphamvu yokokera m'mbuyo imakula, liwiro limatsika, ndipo stall imayandikira. Ena amayesa kukhota kuti abwerere ku bwalo, osadziwa kapena kuiwala kuti ndege ikapendekera m'mbali, liwiro limene stall imachitikira limakwera. Pa madigiri 60 limakwera ndi pafupifupi 40 peresenti. N'chifukwa chake aphunzitsi amabwereza mpaka kutopetsa kuti tsitsa mphuno, tera kutsogolo, ngakhale m'tchire. Ndege yolowa m'mitengo mapiko ali owongoka, pa liwiro lochepa, imapatsa anthu mwayi. Yogwa chamutu pambuyo pa stall kawirikawiri sipereka mwayi umenewo.

Mawu ovuta kunena

Masamu onsewa woyendetsa aliyense amawaphunzira asanapatsidwe laisensi. Nanga n'chifukwa chiyani ngozizi zikuchitikabe? Yankho lake lili pa bwalo, pafupi ndi chitseko cha ndege, pamene woyendetsa waima ndi anthu amene alipira, amene atopa, amene akufuna kukagona kwawo. Gulu la Aaliyah linamaliza ntchito msanga n'kufuna kubwerera tsiku lomwelo, ndipo ndege imene inapezeka inali yaing'ono poyerekeza ndi katundu wawo. Oyendetsa ndege zazing'ono zahayala nthawi zambiri amakhala achinyamata, akusonkhanitsa maola kuti adzapeze ntchito ku makampani akuluakulu, ndipo kuuza bwana kapena mlendo wolemekezeka kuti chikwama chanu chitsala si chinthu chapafupi. Kwathu kuno, kumene kutsutsa wamkulu pamaso pa anthu kumaoneka ngati mwano, kulemera kwa mawu amenewa kumawirikiza.

Pa 30 Novembala 2019 ku Chamberlain, South Dakota, ndege ya Pilatus PC-12 ya mipando 10 inanyamula anthu 12 a banja limodzi, akuchokera kosaka mbalame. Inagona panja usiku wonse chipale chikugwa, ndipo ngakhale anayesetsa kuchichotsa, china chinatsalira kumchira. Mitambo inali pansi. Ndegeyo inapyola malire ndi makilogalamu ochepa, osafika 50, koma kulemera kunali kumbuyo mopitirira. Itangodzuka mphuno inakwera kwambiri, stall inachitika, ndipo anthu 9 anamwalira, ana ali momwemo. PC-12 ndi ndege yamphamvu, yamakono, yodalirika. Mphamvu zake sizinathe kukonza zimene zinalakwika pokweza anthu. Za chipalezi tisaziyese zakutali kwambiri: pa Nyika m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimaundana pa udzu m'mawa, ndipo kachisanu kopyapyala kokakamira pa phiko n'kokwanira kusokoneza kayendedwe ka mpweya.

Palinso msampha wa chizolowezi. Ndege yopyola malire pang'ono nthawi zambiri imauluka, makamaka m'mawa kukuzizira, pa msewu wautali wa phula, mphepo ikuchokera kutsogolo. Woyendetsa akachita zimenezi kangapo popanda vuto, amayamba kukhulupirira kuti manambala a m'kabuku ndi ongoopseza. Sadziwa kuti masiku amenewo nyengo ndi imene inamulipirira ngongole. Tsiku lina katundu yemweyo amakumana ndi masana otentha, udzu wautali wa pambuyo pa mvula ndi kamphepo kotembenuka, ndipo chizolowezi chija chimamuuza kuti dikira pang'ono, idzuka ngati dzana.

Njira zopewera sizachilendo, koma zonse zimafuna kuti munthu asankhe injini isanalire. Oyendetsa osamala amasankhiratu malo oimira: amayang'ana chizindikiro cha pakati pa msewu, kaya chitsamba, kaya mphambano, n'kutsimikiza kuti akafika pamenepo liwiro lisanafike 70 peresenti ya lonyamukira, abweza mphamvu n'kuponda mabuleki popanda kudzifunsa kawiri. Lamuloli limathandiza chifukwa limachotsa mtsutso wa mumtima pa nthawi imene masekondi ali ochepa, ngakhale pamene kutsogolo kuli mitengo kapena phiri limafunika kulikhwimitsa. Amayenda wapansi kuona msewu ngati kwagwa mvula. Amanyamuka m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Katundu akachuluka, amathira mafuta ochepa okwanira ulendo ndi otsala amene lamulo limafuna, n'kukathiranso panjira, kapena amatenga anthu maulendo awiri kuchoka pa kabwalo kakafupi kupita pa bwalo lalikulu loyandikira. Zonsezi zimadya ndalama ndi nthawi, ndipo kampani yabwino imaziikiratu mu mtengo wa ulendo kuti woyendetsa asamalimbane ndi okwera yekha.

Ife okwera tili ndi gawo lathu, ndipo silaling'ono. Makampani onyamula alendo kupita ku malo osungirako nyama ndi ku zilumba amaika malire a katundu, kawirikawiri makilogalamu 15 kapena 20, m'zikwama zofewa zimene zingalowe m'timalo tating'ono ta m'munsi ndi kumbuyo kwa ndege. Ena amafunsa kulemera kwa thupi pogula tikiti, ena amakukwezani pa sikelo pamodzi ndi chikwama cha m'manja. Si kunyoza munthu. Mukachotsera makilogalamu 10 chifukwa cha manyazi, ndipo anzanu asanu achita chimodzimodzi, pepala la woyendetsa lasowa makilogalamu 60, ndipo iye sadziwa. Akakuuzani kuti khalani mpando wakutsogolo m'malo mwa wa pawindo umene munaufuna, ndiye kuti wawerengera pamene kulemera kwanu kukufunika, ndipo musasinthane mipando ndege itayamba kuyenda. Akanena kuti tidikire mpaka 4 koloko kuzizireko, kapena kuti chikwama china chibwera pa ndege ya mawa, musamufunse ngati sangayeseko. Funso limenelo, likachokera kwa munthu amene walipira kapena wa udindo, woyendetsa wachinyamata amalimva ngati lamulo.